Mmisiri Amene Sanachotse Waya wa Belu

Panali munthu wina, mmisiri wa zamagetsi, dzina lake Gelesomu. Anakulira m'tauni, koma anadzakhazikika pamsika wa mudzi wina kuseri kwa phiri, pomwe anatsegula kashopu kokonzera mawailesi ndi mafoni. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Wailesi yoti eni ake anaitaya kale mtima, iye ankangoitsegula, n'kuisuzumira pang'ono, pofika madzulo ili kuimba. Anthu ankati mlendo uyu wabweradi ndi kalumo kakuthwa.

Koma anali ndi chilema chimodzi: sankadziwa kunong'ona. Akaona cholakwa ankachikonzera pomwepo, ndipo mokweza. Mayi akabwera ndi foni yonyowa, msika wonse unkadziwa kumene foniyo yagwera. Mphunzitsi akabwera ndi wailesi yosalira, ana a sukulu ankamva tsiku lomwelo kuti aphunzitsi anaika mabatire chozondotsa. Iye sankaonapo vuto. Ankati, "Choonadi sichichita manyazi."

Tchalitchi cha m'mudzimo chinali ndi belu lalikulu. Woliimba atasamuka, akulu a mpingo anasowa womulowa m'malo, pakuti aliyense amakonda kumva belu koma palibe wokonda kulilawirira. Ndiye anapita kwa Gelesomu. Iye anapanga kabokosi n'kukakhomera m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. M'kabokosimo munali bolodi, ndipo pa bolodipo anawotchererapo kanthu kakuda, kakang'ono ngati nkhupakupa, ka timiyendo mbali zonse. Amisiri amakatcha ayisi, koma ife tingoti kaubongo. M'kaubongomo analembamo malangizo: Lamulungu m'mawa uimbe chotere, Lachitatu masana uimbe chotere. Nthawi ikakwana, kaubongo kankatumiza moto pa waya, waya n'kukankha kanyundo, kanyundo n'kumenya belu. Mpingo unakondwa kwambiri.

Chimene Gelesomu ankanyadira koposa chinali china. Ankati amisiri akale, akafuna kusintha malangizo, ankayamba azula kaubongo pa bolodi, n'kupita nako kwina kukakalemba. Pozula, timiyendo tinkapindika, tina n'kuthyoka, ndipo nthawi zambiri kaubongo kankabwerera kali kolumala. Iye anasiya timapini tingapo m'mphepete mwa bolodi. Akalumikiza laputopu yake pa timapini timeneto, ankatha kufufuta malangizo akale n'kulemba atsopano, kaubongo kali pamalo pake.

"Ine sindizula," ankatero. "Ndimakakonzera pomwe kali."

Ndipo imeneyo inali nzeru yabwino ndithu. Koma nzeruyo inali ndi lamulo lake. Kaubongo timiyendo n'tochepa, choncho tina timagwira ntchito ziwiri. Kamwendo kolandira mawu atsopano kanali komweko kolamula kanyundo ka belu. Amene anamuphunzitsa ntchito m'tauni anamuuza momveka bwino: "Usanalembe, yamba wachotsa zonse zolendewera pa timiyendo timeneto. Ukapanda kutero, zimene ukuuza kaubongo zimvekanso kwina, ndipo kaubongoko sikazigwira." Gelesomu lamuloli ankalidziwa. Ankaliphunzitsanso anzake, mokweza.

Tsono m'mudzimo munali mtsikana, dzina lake Alinesi, amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi kashopu kaja. Gelesomu anamukonda, ndipo Alinesi sanamukane. Koma mwini mbumba anali atsibweni ake, a Kamphinda, ndipo popanda mawu awo ankhoswe sakanayamba kuyenda.

A Kamphinda anali mkulu wamphamvu zake, wodya bwino, woweta mbuzi. Koma ankafa sabata iliyonse. Akamva kachimfine ankaitanitsa abale. Akatupidwa ankagawa malangizo omaliza. Akamapita kuchipatala cha kutsidya kwa mtsinje ankatsanzika nyumba ndi nyumba, n'kumati, "Mukaona sindinabwere, mungodziwa kuti basi." Ankawanyamula ndi wakabaza wina wofatsa, amene ankamva madandaulo awo onse panjira osauzako munthu.

Tsiku loti Gelesomu akaonekere kwa atsibweni linali Loweruka masana. M'mawa mwake a Kamphinda anamva kulasa m'nthiti. Anatsanzika monga mwa masiku onse, nakwera kabaza, nati Mulungu akalola mlendoyo amupeza.

Gelesomu anasamba, navala malaya oyera atsopano, nadziyang'ana pagalasi mpaka galasi kutopa. Nthawi inali idakalipo. Ndipo munthu wa ntchito zamanja akakhala ndi nthawi, manja amayabwa. Anakumbukira kanthu kamene kankamusowetsa mtendere. Belu la Lamulungu likamamaliza kulira, kumenya komaliza kunkachedwa pang'ono, ngati munthu wotsimphina. Palibe anadandaulapo. Palibe ngakhale anazindikira. Koma iye ankakumva, ndipo kunkamukwana.

Anati mumtima mwake, "Mawa apongozi akakhala m'tchalitchi, amve belu lopanda banga." Anatenga laputopu, napita.

Atafika m'kachipinda kaja anatsegula kabokosi, nalumikiza laputopu pa timapini. Pamenepo anakumbukira lamulo. Waya wa belu unayenera kuchotsedwa kaye. Koma m'kabokosi wayawo anauwotcherera, ndipo polumikizira pake poti n'kumasula panali m'siling'i. M'siling'imo munkakhala mileme, ndipo mileme si alendo osesa pogona. Gelesomu anayang'ana kabowo kolowera m'siling'i. Anayang'ana malaya ake. Wina angafunse kuti bwanji sanangovula malayawo. Iye ankati m'nyumba ya Mulungu munthu savulamo malaya.

"N'kanthu kakang'ono," anatero. "Ndingolemba msangamsanga."

Anadina. Laputopu inafufuta malangizo akale bwinobwino. Itayamba kulemba atsopano, mawu oyamba anadutsa pa kamwendo kaja, waya unamva, kanyundo kanadzuka.

Ngooo.

Laputopu inati zakanika. Gelesomu anakanda m'mutu, naona mawaya ake, napukuta timapini, nadinanso.

Ngooo.

Zakanikanso. Apa tsono zinthu zinali zitaipa, pakuti kaubongo kanali kopanda kanthu. Zakale zinali zitachoka, zatsopano zisanalowe. Akanakasiya choncho, belu silikanalira Lamulungu. Choncho anapitiriza. Ankadikira pang'ono, n'kudina, belu n'kulira kamodzi. Ankang'ung'udza, n'kugwedeza waya, n'kudina, belu n'kulira kamodzi. Ankalimva ndithu, sanali wogontha. Anafika pokondwera nalo, nati bola zikuonetsa kuti moto ukufika.

Chimene Gelesomu sanafunsepo n'chakuti m'mudzimo belu linali ndi chilankhulo chake. Likalira mothamanga, ndiye kuti mapemphero. Likalira kamodzi, n'kukhala chete, n'kuliranso kamodzi, ndiye kuti kwagwa zovuta. Limenelo silinali m'kabokosi. Akulu a mpingo ankaliimba okha ndi chitsulo akalandira uthenga wa maliro. Gelesomu analimvapo tsiku lina ali kushopu, koma anangoti woimbayo sadziwa kuimba, ndipo ananena zimenezo mokweza. Safunsa anadya phula.

Pamjigo amayi anasiya kupopa madzi. Anamvetsera. Wina anafunsa chapansipansi kuti kwagwa zovuta kuti. Kenaka mayi wina anati, "Kodi a Kamphinda si apita kuchipatala m'mawa uja?"

Sipanafunikenso wina wonena. Munthu amene wakhala akutsanzika zaka zonsezi, tsiku lina amayenera kupitadi. Amayi anaganiza kuti achipatala aimbira foni akulu a mpingo. Akulu a mpingo, aliyense kumunda kwake, anaganiza kuti mnzake ndiye walandira uthenga n'kuthamangira ku belu. Alinesi anaumva ali kusesa pabwalo pokonzekera mlendo, ndipo anaumva kwa anthu ambiri nthawi imodzi, moti sanaone choti akayikire. Anagwa pansi, nalira kuchokera pansi pa mtima, chifukwa atsibweni akewo ndiwo anamulera.

Mudzi unayamba kuyenda monga umayendera pa zovuta. Anyamata anathyola masamba n'kuika pamsewu. Amayi anabwera ndi nkhuni ndi timabeseni ta ufa. Abambo anatulutsa mipando n'kukhala pansi pa mtengo, kudikira thupi kuchokera kuchipatala. Ndipo poti anthu okhuza maliro sagona ndi njala, anagwira mbuzi yaikulu ya a Kamphinda, imene eni ake ankaikonda koposa, naipha.

Kutchalitchi kuja Gelesomu anali atatuluka thukuta. Pomaliza anagonja. Anakwera pa tebulo, nalowa m'siling'i, nakwawa chamimba pakati pa zitosi ndi akangaude, mileme ikumukupiza kumaso. Anamasula waya, natsika, nadina. Malangizo analowa onse nthawi yomweyo, mwakachetechete, mosavuta ngati kumwa madzi. Anakweranso, nabwezeretsa waya, natseka kabokosi. Malaya oyera aja anali atasanduka a phulusa, tsitsi lili ndi ulusi wa akangaude. Dzuwa linali litapendeka, ndipo nthawi yokasintha zovala panalibe. Anadzikuntha pang'ono nauyamba wa kwa a Kamphinda.

Panjira anaona masamba. Atayandikira anamva kulira. Atafika anaona Alinesi pakati pa amayi, maso ali psuu. Anamuuza kuti atsibweni atisiya. Gelesomu anamva chisoni chenicheni, ndipo pansi pa chisonicho panali kankhawa kena koti tsono ukwati avomereza ndani. Anakhala pansi pamodzi ndi abambo.

Anthu ataona maonekedwe ake anagwidwa mtima. Mayi wina anauza mnzake, "Taonani mkamwini. Wadzigubuduza m'dothi ndi chisoni, pomwe sanalowe n'komwe m'banjamo. Alinesi wapeza munthu." Gelesomu anamva, ndipo aka kanali koyamba kuti amve cholakwa osachikonza.

Patapita kanthawi anatembenukira kwa mkulu wa mpingo amene anakhala naye pafupi.

"Kodi bambo, uthenga unafika bwanji?"

"Ndi belu lija. Inu simunalimve? Lalira nthawi yaitali, kamodzikamodzi."

"Anaimba ndani?"

Mkuluyo anati akuganiza kuti ndi mnzake uyo. Mnzakeyo anati iye ankayesa kuti ndi uyu. Anayang'anana. Kenaka wina anati, "Kapena ndi makina a amisiriwa. Akuti ndi anzeru. Mwina anadziwa okha."

Gelesomu anayang'ana nkhuni zounjikidwa, anayang'ana chikopa cha mbuzi chitayanikidwa, anayang'ana Alinesi. Munthu amene mawu ake ankamveka msika wonse anatsegula pakamwa, n'kutuluka kamphepo chabe. "Mwina pali kulakwitsa pang'ono," anatero. Palibe anamva. Tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti kunong'ona amatha.

Nthawi yomweyo kabaza inatulukira pamsewu. Wakabaza ataona masamba anaima, pakuti pa maliro sadutsa atakwera njinga. A Kamphinda anatsika, kathumba ka mapiritsi kali m'manja. Adokotala anali atawauza kuti ndi mpweya chabe, achepetse nyemba. Anavula chipewa, nayenda mwaulemu, akudabwa kuti anthu asankhiranji bwalo lawo. Anafika kumbuyo kwa abambo aja, nakhosomola pang'ono.

"Pepani nonse. Watisiya ndani?"

Mipando inagwa. Nkhalamba zimene zinabwera ndi ndodo zinaiwala ndodozo. Amayi anabalalika, wina mpaka analowa m'khola la mbuzi n'kudzitsekera. Wotsala anali Alinesi yekha. Anayandikira pang'onopang'ono, nagwira dzanja la atsibweni ake, napeza kuti ndi lofunda. Analiranso, koma kulira kwina.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, a Kamphinda anakhala pampando n'kumva nkhani yonse. Za imfa yawo sizinawadabwitse kwenikweni, poti anakhala akuiyembekeza. Koma ataona chikopa cha mbuzi, nkhope inasintha.

"Anaimba belu ndani?"

Apa Gelesomu akanangogwada n'kunena kuti pepani, mwina nkhani ikanathera m'kuseka. Koma mawu ake anali atabwerera, ndipo anabwerera onse. Anaimirira, nafotokoza za timiyendo ta ntchito ziwiri, za kufufuta ndi kulemba, za waya wa m'siling'i. Atatha pamenepo anayamba kukonza anthu. Anauza akulu a mpingo kuti akanafunsana. Anauza amayi a pamjigo kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Kenaka anatembenukira kwa Alinesi, pamaso pa mudzi wonse.

"Inunso, Alinesi, foni muli nayo, ndinakukonzerani ndine. Mukanaimba kuchipatala m'malo mongogwa pansi n'kumalira ngati mwana."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Alinesi anaweramitsa mutu.

A Kamphinda anafunsa mofatsa. "Tsono bambo, chimene mumakonzacho chinali chiyani?"

"Kumenya komaliza kwa belu la Lamulungu kumachedwa pang'ono."

"Anadandaula ndani?"

"Palibe. Ndinakumva ndekha."

A Kamphinda anagwedeza mutu. "Chabwino. Ine lero ndafa kale, ndiye sindinganene zambiri. Mwana wa mlongo wanga, mlendo wako ndi ameneyu. Wamuona, wamumva. Ukuti bwanji?"

Alinesi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Sanakweze mawu.

"Atsibweni, ine nthawi zina ndimapsereza ndiwo. Nthawi zina mchere ndimachulutsa. Kukonzedwa sindikana. Koma a Gelesomu akadzafuna kundikonza, mudzi wonse udzabwera ndi nkhuni."

A Kamphinda anavala chipewa chawo. Anauza anthu kuti poti mbuzi yafa kale, adye, ndipo iwo anadya kuposa onse, nati munthu sapeza kawirikawiri mwayi wodya pa maliro ake. Gelesomu anamupatsanso mbale yake, pakuti mlendo samumana chakudya. Koma za ankhoswe palibe anazitchulanso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Belu lija linakonzekadi. Kumenya komaliza sikunachedwenso. Ndipo linalira bwino koposa, mothamanga, mopanda banga, tsiku limene Alinesi ankamanga ukwati ndi wakabaza wofatsa uja. Gelesomu analimva ali kushopu kwake. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanapezemo cholakwa chilichonse.

Abale anga, Gelesomu anadziwa chinthu chachikulu chimene ambiri a ife sitichidziwa: munthu wolakwa safunika kumuzula. Mkazi kapena mwamuna wako ungamukonzere m'nyumba momwemo, mwana pakhomo pomwepo, mkhristu pa benchi pake pomwepo, osayamba wamuthyola miyendo pomuchotsa. Koma amene ali pamalo pake ali ndi mawaya. Walumikizika kwa ana ake, kwa apongozi ake, kwa anzake a kuntchito, ndipo zimene ukumuuza zikadutsa pa mawaya amenewo, mudzi umamva maliro pamene iwe umangokonza kutsimphina. Mawu akowonso salowa, ngakhale ubwereze kangati, chifukwa munthu amene akuchita manyazi samva.

Choncho mawa mukaona cholakwa mwa mnzanu, musathamangire kulankhula. Yang'anani kaye amene akumvetsera. Tulutsani ana, tsekani chitseko, ikani foni pansi. Zikafuna kuti mukwawe m'fumbi ndi malaya anu oyera, kwawani, malaya amachapika. Yambani mwachotsa waya wa belu.